Gumersindo de Azcárate, mkulu amene lamulo lake la katapila likugwirabe ntchito ku Spain

Ku Spain kuli lamulo lina la pa 23 Julaye 1908 lomwe mpaka pano likuwasowetsa mtendere a mabanki. Dzina lake lenileni ndi lalitali koma anthu kumeneko amangoti Ley Azcárate basi, kutengera dzina la mkulu amene analibweretsa mu nyumba ya malamulo, a Gumersindo de Azcárate. Ndi lamulo lothana ndi katapila. Ndiye tangoganizani, ladutsa nthawi ya mfumu Alfonso XIII, ladutsa lipabuliki, nkhondo yapachiweniweni, ulamuliro wa Franco wa zaka pafupifupi 40 uja, kenako demokalase, malamulo aakulu a dziko asinthidwa kangapo konse koma ilo lilipobe ndipo maloya akuligwiritsabe ntchito.

Zomwe limanena sizovuta kumva. Ngongole imene chiwongoladzanja chake ndi chokwera kwambiri kuposa chomwe anthu amalipira nthawi zonse, komanso chosagwirizana ndi mmene zinthu zinalili pobwereketsapo, kapena imene mfundo zake ndi zofinya moti zikuchita kuonekeratu kuti munthuyo anavomera chifukwa anali pa mavuto a zaoneni, kapena sankadziwa bwino za ndalama, kapena nzeru zake n'zoperewera, pangano limenelo ndi lopanda ntchito pamaso pa lamulo. Chimodzimodzinso ngati papepala alemba kuti walandira ndalama zambiri kuposa zomwe wapatsidwa m'manja, ujeni uja amachita a katapila kukusainitsa 100 iwe utalandira 60. Ndipo chilango chake ndiye chowawa kwa wobwereketsayo, chifukwa wangongole amangobweza ndalama yomwe analandirayo basi, popanda kachiwongoladzanja kalikonse, ndipo ngati anali atalipira kale zopitirira pamenepo wobwereketsayo ndi amene amabweza zapamwambazo.

Chimene chimandisangalatsa ine n'choti lamuloli silinaike nambala. Silinati chiwongoladzanja chisapose 10 kapena 20 pelesenti ayi, linasiyira majaji kuti aone mlandu uliwonse pawokha. Ena amati uku ndi kufooka kwake chifukwa munthu sudziwiratu kuti malire ali pati, ndipo ali ndi mfundo ndithu, koma n'chifukwa chomwechonso lakhalitsa chonchi. Mu Novembala 2015 khoti lalikulu la Tribunal Supremo linaligwiritsa ntchito kuthetsa ngongole ya chiwongoladzanja cha 24.6 pelesenti, mu Malichi 2020 linachitanso chimodzimodzi pa khadi ya ngongole ya 26.82 pelesenti, makhadi aja amati revolving omwe umalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi koma ngongole yake osatha, anthu ankhaninkhani n'kuthamangira ku makhoti. Mu Febuluwale 2023 khotilo linadzaika muyezo loti pa makhadi amenewa, ikapitirira ndi mapointi 6 pamwamba pa mulingo wa pamsika ndiye kuti ndi katapila. Munthu amene analemba lamuloli sanaonepo khadi ya ku banki ndi maso ake.

Nanga anali ndani mkuluyu? Anabadwira ku León, kumpoto kwa Spain, pa 13 Januwale 1840. Bambo awo a Patricio de Azcárate anali munthu wa mabuku kwambiri, ndi amene anamasulira zolemba za Plato ndi Aristotle mu chi Spanish, ndiye mwanayo anakulira m'nyumba yoti nkhani za nzeru zakuya zinali za tsiku ndi tsiku. Zamalamulo anayambira ku Oviedo n'kukamalizira ku Madrid, anagwirako ntchito m'boma ku ofesi yoona za kaundula wa malo ndi katundu, ndipo mu 1873 anakhala pulofesa pa yunivesite ya Madrid, kuphunzitsa kufananiza malamulo a mayiko osiyanasiyana. Phunziro limeneli musalione mopepuka, ndi limene linawapatsa chizolowezi chofunsa nthawi zonse kuti kodi ku England amapanga bwanji, ku Belgium bwanji, nanga ife tikulephera pati.

Ku Madrid komweko ndi kumene anakumana ndi maganizo a Krause. Karl Christian Friedrich Krause anali katswiri wa filosofi wa ku Germany amene anamwalira mu 1832 ndipo kwawo sanatchuke kwenikweni, koma mphunzitsi wina wa ku Spain, Julián Sanz del Río, atapita ku Germany mu 1843 anabwerako atatengeka nawo maganizowo n'kuyamba kuwaphunzitsa anyamata a pa yunivesite. Zolemba za Krause ndi zolimba kuwerenga, koma fundo yomwe inawagwira mtima anyamatawa ndi iyi, zinthu zonse zili mwa Mulungu ngakhale Mulunguyo ndi woposa zonsezo, choncho sayansi, chipembedzo, malamulo, luso, chuma, siziyenera kumenyana chifukwa gwero lake ndi limodzi. Ndipo mtundu wa anthu uli ngati thupi la ziwalo zambiri, banja, mudzi, mpingo, sukulu, mabungwe a antchito, boma, chilichonse chili ndi ntchito yake ndipo china chisameze chinzake. Boma si mwini wa zonse. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti munthu aliyense ndi gulu lililonse ali ndi zomuyenereza kuti akwaniritse cholinga cha moyo wake, ndipo chimenechi ndi chomwe iwo ankachitcha chilungamo cha lamulo.

Apa mpamene pali mutu wa nkhani yonse ya a Azcárate, mmene ndikuonera ine. Iwo anali mliberale weniweni, ankakhulupirira ufulu wa munthu, ufulu wa malonda, ufulu wokhala ndi katundu, mpaka analemba mabuku atatu a mbiri ya umwini wa katundu ku Ulaya pakati pa 1879 ndi 1883. Koma sankakhutira ndi ufulu wa papepala. Mu 1856 Spain inachotsa malire onse a chiwongoladzanja, amvekere anthu awiri akuluakulu akagwirizana boma lisalowererepo, ndipo maliberale ambiri anaombera m'manja. A Azcárate funso lawo linali loti, mlimi amene mbewu zake zapserera, ana ali ndi njala, wapita kwa munthu mmodzi yekhayo amene ali ndi ndalama m'mudzimo, akasaina pepala lija ndiye tinene kuti wasankha mwa ufulu? Siginecha ilipo inde, koma kuvomera kwenikweni kulibe. Funso lomweli analifunsanso pa voti, pa kontirakiti ya ntchito, ngakhalenso pa chipembedzo, ndipo mukaligwira limeneli moyo wawo wonse umamveka.

Pa chipembedzopo nkhani yake ndi yokhudza mtima. Analeredwa mu Chikatolika monga pafupifupi aliyense ku Spain nthawi imeneyo, koma mpingo utaumitsa khosi polimbana ndi maganizo atsopano, makamaka ndi chikalata cha Papa chotchedwa Syllabus cha 1864 ndi msonkhano wa Vatican wa 1870, iwo anaona kuti sangapitirize kunamizira. Sanasiye kukhulupirira Mulungu kapena Khristu ayi, anangolephera kukhala mu mpingomo ndi chikumbumtima choyera. Mu 1876 anatulutsa kabuku kotchedwa Minuta de un testamento osaikapo dzina lawo, kolembedwa ngati wilu ya mkulu wina wongopeka amene akufotokozera ana ake mmene anatayira chikhulupiriro cha makolo, kuwawa kobisira mkazi wake wopemphera, ndi mmene awiriwo anapezera njira yokhalira limodzi molemekezana. Mkulu wa m'bukuyo akupempha kuti ngati sangaloledwe kugona pafupi ndi mkazi wake ku manda a Akatolika, amuike ku manda a anthu wamba koma pamanda pakepo aike mtanda ndi mawu a Yesu aja oti mukondane wina ndi mnzake. Nthawi imeneyo manda ankalekanitsa mabanja, wa mpingo uku wosakhala wa mpingo uko kuseli kwa mpanda, ndiye kabukuka sikankanena zongoyerekeza.

Chaka cha 1875 ndi chimene chinawayesa. Lipabuliki yoyamba inali itagwa, ufumu wabwerera ndi Alfonso XII, ndipo mu Febuluwale nduna yoona zamaphunziro, Manuel Orovio, inalamula kuti m'mayunivesite musaphunzitsidwe chilichonse chotsutsana ndi chiphunzitso cha Katolika kapena ufumu. A Azcárate, a Francisco Giner de los Ríos ndi a Nicolás Salmerón anakana poyera, analemba zotsutsa, ndipo boma silinachedwe, linawachotsa ntchito n'kuwathamangitsira kutali, a Giner ku Cádiz, a Salmerón ku Lugo, a Azcárate ku Cáceres. Anthuwa akanatha kungokhala chete n'kumaphunzitsa zomwe akufuna chitseko chitatsekedwa, ambiri ankatero, koma kwa iwo pulofesa amene wasainira kuti sadzanena zimene wapeza kuti ndi zoona sialinso pulofesa. Mipando yawo anadzabwezeredwa mu 1881 boma la Sagasta litalowa.

Koma pakati pa zaka zimenezo sanangokhala manja lende, mu 1876 anayambitsa sukulu yawoyawo, Institución Libre de Enseñanza, yosadalira boma, mpingo kapena chipani. Poyamba ankafuna ikhale ngati yunivesite koma inathera kukhala sukulu ya ana, ndipo inasintha maphunziro a Spain kuposa mmene kukula kwake kunalili, ana osamangoloweza, kupita nawo kumapiri ndi ku nyumba zosungira zakale, kenakonso anyamata ndi atsikana kuphunzira limodzi. Mtima wa sukuluyo anali a Giner, zimenezo n'zosabisa, a Azcárate anali munthu wa malamulo ndi ndale wa gululo. Kwawo ku León anathandizanso limodzi ndi a Giner ndi a Manuel Bartolomé Cossío kukhazikitsa sukulu za bungwe la Sierra-Pambley, kuyambira ku Villablino, zophunzitsa ana a kumudzi zaulimi ndi zamalonda. Chaka chomwecho cha 1876 analembanso kuti ku Spain boma linapanikiza sayansi kwa zaka 300, mnyamata wina wanzeru zoopsa wa mbali ya Akatolika, Marcelino Menéndez Pelayo, n'kuwayankha mwaukali ndi mndandanda wa akatswiri akale a dzikolo, mkangano womwe unatenga zaka.

Tsopano ndale. Dongosolo lomwe Antonio Cánovas del Castillo anakonza ndi malamulo a 1876 linkaoneka bwino kwambiri ukaliwerenga, nyumba ya malamulo ilipo, zisankho zilipo, zipani ziwiri zikusinthana, cha Cánovas ndi cha Sagasta, mpaka mu 1890 amuna onse anapatsidwa voti. Koma zinkayenda chobwerera. Mfumu inkayamba yasankha boma, kenako bomalo n'kuitanitsa chisankho, nduna ya zam'dziko n'kukhala pansi kulemberatu kuti dera lakuti apambana uje, lakuti apambana uje, ngakhale otsutsa ankapatsidwa mipando yawo yowerengeka. Kumidzi ntchito inkamalizidwa ndi ma cacique, anthu olemera kapena amphamvu a m'deralo omwe ankagwira chilichonse, ntchito, misonkho, milandu, ngongole, amene mwana wake apite ku usilikali ndi amene asapite, ndiye voti yako inali yawo. Zikavuta ankangosintha mabokosi, ngakhale anthu akufa ankapezeka avota.

A Azcárate anazilemba zimenezi m'mabuku awiri, El self-government y la monarquía doctrinaria la 1877 ndi El régimen parlamentario en la práctica la 1885. Fundo yawo inali yoti mphamvu zolamulira ndi za anthu eni ake, osati zogawana pakati pa mfumu ndi nyumba ya malamulo ngati mmene Cánovas analembera, ndipo ulamuliro wa ma cacique anaufanizira ndi ukapolo wa eni minda wa makedzana, n'kunena kuti watsopanowu ndi wonyansa kuposa wakalewo. Chofunika kuchimvetsa n'choti vuto lawo silinali mfumu payokha. Ankasirira England, komwe mfumu ilipo koma amalamula ndi anthu kudzera mu palamenti. Anakhala wa lipabuliki chifukwa anaona kuti ufumu wa ku Spain sukufuna kukhala ngati umenewo. Ndipo pamene Joaquín Costa, mnzawo wa gulu lomwelo, anayambitsa mtsutso waukulu wa nkhaniyi ku Ateneo ya Madrid, bwalo lokumanira anthu ophunzira, mu 1901 n'kumakamba zoti dziko likufunika dotolo wa opaleshoni wa dzanja lachitsulo, a Azcárate anaima pa mbali ya palamenti, kuti matenda si palamentiyo koma chinyengo chomwe chaiphimba. Pamenepa ine ndili nawo kwathunthu, chifukwa madotolo a dzanja lachitsulo atabweradi ku Spain tonse tikudziwa zomwe anachita.

Anakhala phungu wa León kuyambira 1886 mpaka 1916, nthawi yonseyo ali ku mbali yotsutsa, osakhalapo nduna, koma ngakhale adani awo ankawapatsa ulemu, n'chifukwa chake lamulo la katapila lija linadutsa pansi pa boma la Antonio Maura lomwe linali la makonsavativu. Sikuti zonse zimene anakhudza zinayenda bwino. Mu lamulo la zisankho la 1907 muli ndime 29 yomwe inalowa ndi ganizo lawo, yoti ngati opikisana sakuposa mipando yomwe ilipo palibe chifukwa chovotera, angolengezedwa opambana. Cholinga chinali kupewa zisankho zachiphamaso ndi kuononga ndalama, koma ma cacique anailandira ndi manja awiri, kungoopseza kapena kugula wopikisana naye kuti asaime basi nkhani yatha, moti pa zisankho zina mipando yoposa 100 mwa mipando 400 ndi kena kake inkadzazidwa popanda munthu kuponya voti. Apa mkulu amene ankadziwa bwino kusiyana kwa pepala ndi zochitika anawakhulupirira anthu mopitirira.

Ntchito yomwe inawadyera mphamvu zambiri inali ya anthu apantchito. Iwo sankavomereza kuti umphawi ndi nkhani ya ndalama yokha, ankati uli ndi nkhope zingapo, njala, umbuli, makhalidwe, malamulo okondera, ndipo kuuthetsa ndi udindo wa munthu payekha, wa mabungwe a anthu, komanso wa boma, aliyense mbali yake. Sanali wa sosholizimu, kulanda katundu ndi kumenyana kwa magulu sankagwirizana nazo, koma sankagwirizananso ndi oti msika ukonza wokha. Mu 1883 analowa mu komiti ya Comisión de Reformas Sociales yomwe Segismundo Moret anakhazikitsa kuti ifufuze mmene antchito akukhalira, amadya chani, amagona potani, ana akuyamba ntchito ali ndi zaka zingati, ndipo mu 1903 patabadwa Instituto de Reformas Sociales iwo ndi amene anaikidwa kukhala wapampando mpaka imfa yawo.

Bungwe limeneli linali lachilendo pa nthawiyo chifukwa pa tebulo limodzi pankakhala osankhidwa ndi boma, oimira mabwana 6 ndi oimira antchito 6, Akatolika, maliberale, a lipabuliki ndi a sosholizimu monga Francisco Largo Caballero, amene anali pulasitala wa pa zomangamanga ndipo patsogolo pake anadzatsogolera boma. Munkagwiranso ntchito akatswiri ngati Adolfo Posada ndi Adolfo Buylla. Njira yawo inali yoyamba kufufuza, kutumiza anthu ku migodi ndi ku mafakitale, kusonkhanitsa ziwerengero za ngozi, malipiro ndi masitalaka, kenako n'kulemba bilu. M'zaka zimenezo ndi mmene munabwera kupuma kwa Lamulungu mu 1904, oyendera malo a ntchito mu 1906, lamulo la sitalaka mu 1909, la nyumba zotsika mtengo mu 1911, ndi lina la 1912 lokakamiza eni masitolo kupereka mpando kwa mzimayi aliyense wogwira ntchito kuti asamangoima tsiku lonse. Kampandoko kakuoneka kochepa, koma kwa mayi amene waima pa kauntala kuyambira m'mawa mpaka usiku si kochepa. Vuto linali loti oyendera anali ochepa, ndalama zochepa, mabwana ambiri ankangonyalanyaza, ndiye malamulo ena anatsalanso papepala pomwe paja.

Chomwe anthu amatsutsanabe za iwo ndi cha 1913. Chaka chapitacho, 1912, iwo ndi Melquíades Álvarez anali atayambitsa chipani cha Partido Reformista, chomwe chinadzanena kuti lipabuliki kapena ufumu si nkhani yaikulu, chachikulu ndi demokalase yeniyeni, ufulu wa chipembedzo, maphunziro ndi malamulo oteteza antchito. Ndiye mu Januwale 1913 a Azcárate, nkhalamba ya zaka 73 yomwe moyo wake wonse inali ya lipabuliki, anapita kunyumba yachifumu kukacheza ndi Alfonso XIII, ndipo atatuluka anapereka chithunzi choti zopinga zakale zoletsa demokalase zachoka, mfumu ndi yokonzeka kusintha. A lipabuliki ambiri anakhumudwa koopsa, ena anaona ngati awagulitsa, ndipo mu 1916 anataya mpando wawo wa León womwe anaugwira zaka pafupifupi 30. Ine sindikuona kugulitsa pamenepo, chifukwa zomwe anachitazo n'zimene analemba kale mu 1877, kuti ufumu ukalola anthu kudzilamulira iwo alibe nawo mlandu. Kulakwitsa kwawo kunali pa munthuyo, anamva mawu okoma a mfumu yachinyamata n'kuwatenga ngati lonjezo.

Chaka cha 1917 chinali chowawa, asilikali akunyinyirika, aphungu akukumana paokha ku Barcelona kufuna malamulo atsopano, mu Ogasiti sitalaka ya dziko lonse yomwe boma linaithetsa ndi mfuti, a Largo Caballero omwe ankakhala nawo pa tebulo aja n'kutsekeredwa ku ndende ya Cartagena. Mu Disembala a Azcárate anagwa ndi sitiroko akutsogolera msonkhano wa Instituto, n'kumwalira pa 15 Disembala 1917. Anaikidwa ku manda a anthu wamba a Madrid, limodzi ndi a Sanz del Río ndi a Giner.

Mayeso enieni a ulendo wawo wa kunyumba yachifumu uja anabwera iwo atapita kale. Kumapeto kwa 1922 a chipani chawo analowa m'boma la García Prieto, José Manuel Pedregal n'kukhala nduna ya zachuma, ali ndi chiyembekezo chosintha ndime 11 ya malamulo a dziko yomwe inkaika Chikatolika kukhala chipembedzo cha boma n'kuletsa ena kupembedza poyera. Mabishopu atakana boma linabwerera m'mbuyo, Pedregal n'kutula pansi udindo mu Epulo 1923. Mu Seputembala chaka chomwecho mkulu wa asilikali Miguel Primo de Rivera analanda boma n'kutseka nyumba ya malamulo, yomwe sipikala wake panthawiyo anali Melquíades Álvarez, ndipo Alfonso XIII anavomereza. Chaka chotsatira, 1924, Instituto de Reformas Sociales inathetsedwa n'kumezedwa ndi unduna wa zantchito.